Kutsatsa bizinesi yanu polemba nkhani m'magazini olipira

Amalawi ambiri amene tikuchita mabizinesi ang'onoang'ono muno mu Johannesburg timadalira kuika zithunzi pa WhatsApp ndi pa Facebook, kapena kuuzana pakamwa kutchalitchi, kumzikiti ndi ku Park Station podikira basi. Njirazi zimathandiza ndithu, koma uthenga wake umangozungulira pakati pa ife tokhatokha, pamene anthu amene angalipire bwino ntchito ya manja athu ali m'nyumba za ku Randburg, Rosebank ndi Sandton, ndipo sadziwa n'komwe kuti tilipo. Ambiri mwa anthu amenewa amawerenga magazini, ndipo magazini ena amalipira munthu wakunja amene wawalembera nkhani yothandiza owerenga.

Chofunika kuchimvetsa poyamba n'chakuti mkonzi sagula nkhani yoyamikira bizinesi yanu. Mukalemba kuti ndinu katswiri ndipo mitengo yanu ndi yotsika, adzakutumizani ku ofesi yotsatsa malonda, kumene olipira ndinu. Mkonzi amagula chidziwitso. Choncho mulembe zimene manja anu amadziwa, ndipo bizinesiyo ionekere m'mzere umodzi wakumapeto, wonena dzina lanu, ntchito yanu ndi kumene mumapezeka. Ndaona anthu akukhumudwa kuti mzere umodzi ndi wochepa, koma ine ndimati ndi wokwanira, chifukwa wowerenga akafika pamenepo amakhala atakhulupirira kale kuti ntchitoyo mumaidziwa.

Titenge chitsanzo cha munthu wosamalira maluwa ndi kapinga m'makomo, ntchito imene abale athu ambiri akugwira. Iye amadziwa kuti chisanu cha mu June ndi July chimawaula masamba usiku umodzi wokha, ndipo amadziwa mbewu zoyenera kuziphimba ndi nsalu madzulo n'kuzivundukula dzuwa likatuluka. Amadziwa kuti maluwa a rozi amadulidwa chakumapeto kwa July, kuti podula mpeni upendekeke pamwamba pa diso la mphukira loyang'ana kunja, komanso kuti kapinga amafuna kumetedwa mofupika ndi kuthiridwa manyowa mvula ya mu October isanayambe. Kwa iye zimenezi n'zachizolowezi, mwina saziwerengera n'komwe, koma kwa mwini nyumba amene maluwa ake auma zaka ziwiri zotsatizana ndi nkhani yoti aidule m'magazini n'kuisunga. Telala wa ku Fordsburg naye angalembe za kasamalidwe ka chitenje, monga chifukwa chochichapira asanachidule kuti chovala chisadzafupike pambuyo pake. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kathu ndi luso limeneli.

Musanalembe liwu lililonse, pezani makope atatu kapena anayi a magazini amene mukuwafuna ndipo muwawerenge mofatsa, kuona kutalika kwa nkhani zake, mitu imene yatuluka kale ndi dzina la mkonzi patsamba la mayina a ogwira ntchito. Onetsetsaninso kuti akutulukabe, popeza zinthu zinasintha kwambiri m'chaka cha 2020, pamene kampani ya Associated Media Publishing inatseka, kampani ya Caxton inasiya kusindikiza magazini ake ambiri, ndipo magazini a Drum, amene anayamba mu 1951, anatsala pa intaneti pokha. Ena monga Farmer's Weekly, amene anayamba mu 1911, akupitirirabe, ndipo ameneyu ndi woyenera kumuwerenga ngati mumalima ndiwo zamasamba kapena kuweta nkhuku.

Kenaka tumizani imelo yaifupi kwa mkonzi, osati nkhani yonse. Munene mutu wanu, phindu lake kwa owerenga awo, zaka zimene mwagwira ntchitoyo, ndipo muulule poyera kuti muli ndi bizinesi pa zomwezo, chifukwa mkonzi akadzazitulukira yekha sadzakukhulupiriraninso. Nthawi nayo muiwerengere bwino. Magazini otuluka mwezi ndi mwezi amakonza nkhani zawo miyezi iwiri kapena itatu zisanatuluke, motero nkhani ya kudulira rozi iyenera kufika pa desiki ya mkonzi mu April, monga momwe mlimi wanzeru amagulira mbewu mvula isanagwe. Pakapita masabata awiri osayankhidwa, kumbutsani kamodzi mwaulemu, ndipo akapanda kuyankhabe pititsani ganizolo kwina.

Za malipiro mugwirizane musanayambe kulemba, ndipo zikhale zolembedwa. Kawirikawiri kuno amawerengera pa liwu, kotero kuti ngati mwagwirizana R3 pa liwu, nkhani ya mawu 800 ikupatsani R2,400. Funsani ngati amalipira akalandira nkhani kapena ikatuluka, chifukwa kusiyana kwake kukhoza kukhala miyezi ingapo. Bungwe la SAFREA, la anthu olemba ndi kujambula paokha, limafalitsa mitengo imene mamembala ake amalipiritsa, ndipo ndi bwino kuiona musanatchule mtengo wanu. Mudzafunika invoyisi ndi akaunti ya kubanki ya m'dzina lanu, mapepala anu okhalira ndi kugwirira ntchito muno akhale olongosoka, ndipo ndalamazo muziziwerengera pa za msonkho wa ku SARS, bungwe la boma lotolera misonkho. Lamulo la umwini wa zolemba la dziko lino, la mu 1978, limati umwiniwo sungasamutsidwe popanda chikalata chosainidwa, choncho werengani bwino chimene akukusainitsani, kuti mudziwe ngati mudzaloledwa kuigwiritsanso ntchito nkhaniyo. Magazini akanena kuti malipiro anu ndi kutchuka chabe, yesani nokha ngati owerenga awo ndi anthu amene angakupatseni ntchito. Ngati si choncho, musataye nthawi yanu.

Chopinga chimene ambiri amandiuza ndi Chingerezi. Langizo langa ndi lakuti muyambe mwafotokoza nkhaniyo pakamwa, monga mukulangiza kasitomala ataima pambali panu m'dimba, muijambule pa foni, kenaka muilembe m'ziganizo zazifupi ndi kupempha munthu wodziwa bwino chilankhulocho kuti akonze zolakwika. Musakopere za ena pa intaneti, pakuti akonzi amazindikira msanga, ndipo dzina likaipa pa mkonzi mmodzi limaipa kwa anzake. Zithunzi mujambule nokha m'mawa kuwala kuli kofewa, mutapempha chilolezo kwa mwini nyumba.

Nkhani ikatuluka, gulani makope awiri. Limodzi musunge kunyumba, linalo mulikutire m'pulasitiki kuti muzionetsa popereka mtengo kwa kasitomala watsopano, ndipo chithunzi cha tsambalo muchiike pa WhatsApp ya bizinesi. M'masabata otsatirawo foni yanu izikhala yoyaka, aliyense woimba muzimufunsa kumene anamva za inu n'kulemba m'kabuku, ndipo ganizo la nkhani yachiwiri mulitumize kwa mkonzi yemweyo mwezi usanathe, akadakukumbukirani.