Momwe mungachitire kafukufuku wa kapewedwe ka HIV pamodzi ndi amayi oyendayenda ku Chigwa cha Shire

Ngati gulu lanu la ku Chikwawa kapena Nsanje likufuna kudziwa chimene chikulepheretsa amayi oyendayenda kudziteteza ku HIV, amayiwo akhale eni kafukufukuyo, osati ongofunsidwa mafunso.

Yambani ndi kupeza amayi awiri kapena atatu omwe anzawo amawakhulupirira, kaya ndi pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula kapena pachipata cha Marka. Bungwe la Female Sex Workers Association lingakuthandizeni poyambira. Khalani nawo pansi musanalembe funso ngakhale limodzi. Inu mungaganize kuti vuto ndi kusowa kwa makondomu, pomwe iwo akudandaula za kasitomala amene amawonjezera ndalama kuti kondomu isagwiritsidwe ntchito, kapena za kuitanidwa mokweza pamzere wa ma ARV anthu onse akumva. Aphunzitseni kufunsa anzawo, ndipo alipireni ngati antchito. Botolo la Fanta si malipiro.

Kenako chilolezo. Kafukufuku wa zaumoyo amavomerezedwa ndi komiti ya National Health Sciences Research Committee kapena komiti ina younika kafukufuku ya ku Kamuzu University of Health Sciences (COMREC), ndipo ofesi ya zaumoyo ya boma lanu iyenera kudziwa. Amfumu adziwitseni mwaulemu, koma mayina a amayiwo asawamve.

Nthawi muisankhe mosamala. Munthu amene wagwira ntchito usiku simum'gogodera m'mamawa, ndipo dzuwa la masana kuno mukulidziwa. Kumapeto kwa mwezi, ogwira ntchito m'minda ya nzimbe akalandira, palibe amene angakupatseni mpata. Nyengo ya mvula nayo imabalalitsa anthu: namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, ambiri anathawira m'makampu. Funsani momwe amapezera mankhwala madzi akasefukira. Mafunso akhalenso m'Chisena ndi m'Chimang'anja.

Chovuta kwambiri ndi chinsinsi, chifukwa pamalo ngati Bangula aliyense amadziwana. Galimoto yolembedwa dzina la bungwe ikaima pa resitihausi, pofika madzulo msika wonse wamva. Pitani wapansi kapena pa kabaza, ndipo malo okumanirana asankhe okha. Papepala lembani nambala m'malo mwa dzina, zithunzi ayi. Muwerengereni mayi aliyense cholinga cha kafukufuku, adziwe kuti akhoza kukana kapena kusiyira panjira, kenako asaine kapena adinde chala. Ena adzaopa kuti ndinu otumidwa ndi apolisi. Nkoyenera kuwauza kuti mu 2017 Khoti Lalikulu linathetsa gawo 184(1)(c) la lamulo la vakabu, limene ambiri ankamangidwa nalo usiku.

Musapite chimanjamanja. Tengani makondomu ndi mafuta ake, ndipo gwirizanani ndi chipatala chapafupi komwe mungatumize wofuna kuyezetsa kapena kuyamba PrEP, mankhwala amene munthu wopanda HIV amalandira kuti asatenge kachilomboka. Wogwiriridwa, kapena amene kondomu yam'phulikira, alandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV pambuyo pa chiopsezo, pasanathe maola 72. Mukakumana ndi mtsikana wosakwana zaka 18, ameneyo ndi mwana; mulumikizeni ndi a zachisamaliro cha anthu.

Zotsatira ziyambe kumvedwa ndi amayiwo, lipoti lisanapite kwa DC kapena kwa opereka thandizo. Awerengereni, akonze zolakwika, achotse chiganizo chilichonse chimene chingaulule munthu. Kenako asankhe awiri oti akalankhule okha kwa akuluakulu a zaumoyo, atanyamula zopempha zochepa koma zotheka, monga tsiku ndi ola loti azithandizidwa kuchipatala popanda kuchititsidwa manyazi.