Musanagule Mayuniti a Unit Trust

Alimi ndi amalonda ena kuno ku Chipata, Katete ndi Lundazi akagulitsa soya kapena mtedza amafuna kuika ndalama mu unit trust, thumba limene kampani imasonkhanitsamo ndalama za anthu ambiri n'kugulira masheya a makampani ndi mabondi a boma (ngongole zimene boma limabweza ndi chiwongoladzanja). Mayuniti, omwe ndi magawo a thumbalo, mungawagule kudzera mwa broker (mkhalapakati) kapena ku kampani yoyendetsa thumbalo.

Broker amathandiza kuyerekeza matumba osiyanasiyana ndi kudzaza mafomu, zomwe zimapeputsa ntchito popeza makampani ambiri ali ku Lusaka, koma kawirikawiri amalandira komishoni, ndipo ena angakukopereni ku thumba lowapindulira iwowo. Choncho muwapemphe kuti akulembereni papepala ndalama zonse zodulidwa pogula, pachaka ndiponso potapa. Kwa ine, amene akudziwa kale thumba lomwe akufuna achita bwino kupita ku kampaniyo yekha, ngakhale kuti ndalama yoyendetsera thumba imadulidwabe chaka ndi chaka.

Kaya mwasankha njira iti, tsimikizani kuti broker kapena kampaniyo ili ndi chiphaso chochokera ku Securities and Exchange Commission (bungwe la boma loyang'anira malonda a masheya), konzani NRC ndi TPIN (nambala ya msonkho) yanu, ndipo muzilipira ku akaunti ya thumbalo, osati ku nambala ya foni ya munthu.