Kukaphunzira ski m'chigwa cha Chamonix: kogona, zovala ndi masiku oyamba pa chipale

Chamonix ndi tawuni ya ku France, m'dera la Haute-Savoie, m'munsi mwa phiri la Mont Blanc. Kumeneku n'kumene kunachitikira masewera oyamba a Olimpiki a nyengo yozizira mu 1924, ndipo mpaka lero akatswiri otsetsereka pa chipale chofewa amakhamukirako chaka ndi chaka. Kutchuka komweko kumasocheretsa ophunzira. Mitsetse yambiri ya m'chigwachi si ya munthu amene sanavalepo maski (matabwa aatali omangirira kumapazi potsetsereka pa chipale), ndipo malo osewerera sali pamodzi. Wophunzira angasangalale ndithu, bola asankhe bwino kogona, kophunzirira ndi jombo zomwe adzavale.

Chigwacho mmene chilili

Chigwachi n'chachitali koma chopapatiza. Chimatsata mtsinje wa Arve pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20, kuchokera ku Les Houches kumunsi, kudzera ku Chamonix, Les Praz ndi Argentière, mpaka ku Le Tour kumtunda. Tawuni yeniyeniyo ili pa mamita 1,035, koma kusewera kwambiri kumachitikira pamwamba pa mamita 2,000.

Malo akuluakulu osewerera alipo anayi, ndipo kuchoka pa ena kupita pa ena n'kukwera basi kapena sitima. Brévent ndi Flégère ndi olumikizana, amapenya kummwera, motero dzuwa limawomba bwino koma chipale chimafewa masana. Grands Montets, pamwamba pa Argentière, ndi kwa odziwa okhaokha. Balme, kumtunda kwa Le Tour, kuli mitsetse yotakata komanso yosaopsa, ndipo ndiye malo abwino kwa amene angoyamba kukhota. Les Houches kuli mitengo, choncho tsiku la nkhungu kapena mphepo kumaoneka bwino kusiyana ndi kwina konse.

Wongoyamba kumene malo anayiwa sakumukhudza kwenikweni masiku oyamba. Ake ndi mabwalo aang'ono a pansi pa chigwa: Le Savoy ndi Les Planards m'tawuni ya Chamonix, Les Chosalets ku Argentière, La Vormaine ku Le Tour ndi Le Tourchet ku Les Houches. Mwa onsewa ife timakonda La Vormaine, chifukwa ndi yotakata, yotsetsereka pang'onopang'ono, komanso ili pamwamba moti chipale sichisowa kawirikawiri. Yambani mwapeza sukulu ndi malo omwe phunziro limayambira, kenako funani nyumba yogona pafupi ndi pamenepo kapena pafupi ndi siteji ya basi. Ambiri amachita mosemphanitsa, n'kumataya ola lathunthu m'mawa uliwonse akuyenda ndi jombo zolemera, maski ali paphewa.

Nthawi, viza ndi njira

Nyengo yosewera imayamba chapakati pa Disembala n'kufika mu Epulo. Masabata a Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano, komanso Febuluwale pamene sukulu za ku France ndi Britain zili pa tchuthi, mitengo imakwera ndipo mizere ya pa malifiti (makina a zingwe okweza anthu kuphiri) imatalika. Januwale, sabata yoyamba ikangotha, ndi wotchipa koma wozizira kwambiri, ndipo kumada cha m'ma 5 koloko. Malichi ali ndi masiku aatali ndi dzuwa, kungoti mabwalo a pansi angayambe kusungunuka.

Amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza ya Schengen (yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya), ngakhale atakhala ndi chilolezo chokhalira ku Britain. Mumapempha ku dziko limene mudzakhaleko masiku ambiri, apa ndiye France, ngakhale ndege yanu ikatera ku Geneva ku Switzerland. Amalandira pempho kuyambira miyezi 6 ulendo usanafike, ndipo amafuna inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Werengani bwino pepala la inshuwalansiyo. Zambiri zotchipa sizilipira ngozi za ski pokhapokha mutawonjezera gawo la masewera a m'nyengo yozizira.

Kuchokera ku bwalo la ndege la Geneva ndi ulendo wa ola limodzi ndi mphindi pang'ono pa basi kapena minibasi yosungitsiratu. Galimoto yahayala siyofunika kwenikweni. Mukaitenga, lamulo la kuderali limafuna matayala a nyengo yozizira kapena matcheni kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi. Sitima ya Mont-Blanc Express imadutsa m'midzi ya m'chigwachi, ndipo komwe mwagona funsani kadi ya alendo yotchedwa carte d'hôte, yomwe imachepetsa ndalama zoyendera.

Tikiti ya malifiti amaitcha forfait. Musathamangire yaikulu. Mabwalo a ophunzira ali ndi matikiti awoawo otchipa, ndipo amenewo ndi okwanira masiku awiri kapena atatu oyamba. Chamonix Le Pass imakulowetsani ku Brévent, Flégère, Balme ndi Grands Montets koma osati ku Les Houches. Mont Blanc Unlimited imaphatikiza Les Houches, nsonga ya phiri yotchedwa Aiguille du Midi ndi Courmayeur ku Italy, koma wophunzira sangaidyerere.

Zovala

Kuzizira sikugonja ndi chovala chimodzi chochindikala. Valani mosanjikiza katatu: cham'kati chogwira thupi cha ubweya wa merino kapena poliyesitala, chapakati chofunda, ndi jekete ndi thalauza zosalowa madzi kapena mphepo. Chovala cha thonje chisakhudze khungu, ndipo jinzi isiyeni kunyumba yogona. Thonje limamwa thukuta n'kukhala lonyowa, ndiye mukakhala phee pa lifiti kwa mphindi 10, chinyezicho chimakuziziritsani mpaka kunjenjemera. Dziwaninso kuti mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7, motero mmene kukumvekera pakhomo pa hotela si mmene kulili pamwamba.

Magolovesi akhale osalowa madzi, pakhosi pakhale kansalu kotha kukwezera pamphuno, ndipo helimeti mubwereke pamodzi ndi maski. Dzuwa musalipeputse poona kuzizira. Chipale chatsopano chimabweza mpaka magawo 80 pa 100 a cheza chowotcha cha dzuwa, ndipo maso osatetezedwa amayamba kuthethetsa ndi kutuluka misozi madzulo ake. Tsiku la dzuwa valani magalasi akuda oteteza ku dzuwa a gulu 3. Pakani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, ngakhale khungu lanu ndi lakuda, ndipo milomo muzipaka pafupipafupi poti mpweya wa kumtunda ndi wouma. Pa khungu lakuda, chizindikiro choti mphuno, khutu kapena chala chayamba kuuma ndi chisanu ndi dzanzi, kulimba ndi mtundu wotuwa ngati phulusa. Lowani m'nyumba, fundizani malowo ndi dzanja kapena madzi ofunda, osati otentha, ndipo musatikite.

Jombo ndi maski

Zipangizo bwerekani, musagule. Pitani kushopu madzulo a tsiku lofika, pamene muli ndi nthawi, ndipo nthawi yambiri ithere pa jombo, chifukwa tchuthi cha anthu ambiri chimawonongekera pamenepa. Saizi ya jombo za ski ndi kutalika kwa phazi m'masentimita. Valani sokosi imodzi yokha phazi lililonse, yaitali, yopyapyala, yopanda makwinya. Masokosi awiri amafinya mitsempha ndipo phazi limazizira msanga. M'jombo musalowe china chilichonse, ngakhale mwendo wa chovala cham'kati, chifukwa msoko wake umakhula msongolo mpaka kutupa.

Mukalowetsa phazi, menyetsani chidendene pansi kuti chikhazikike kumbuyo, kenako mangani zomangira za pamwendo musanamange za paphazi. Mukaimirira chilili, zala zizikhudza pang'ono kutsogolo. Mukapinda mawondo n'kutsamira lilime la jombo, zala zizibwerera m'mbuyo, ndipo chidendene chisanyamuke. Ophunzira ambiri amasankha jombo yaikulu poti ndiyo ikumveka bwino m'shopu. Pa chipale phazi limasewera m'katimo, ski simva zomwe mwendo ukulamula, ndipo zikhadabo zimada chifukwa chogunda kutsogolo. Jombo ikamapweteka malo amodzi, bwererani mukasinthe tsiku lomwelo, ndipo ashopu anazolowera zimenezi.

Maski a wophunzira akaimikidwa azifika pakati pa chifuwa ndi chibwano. Wa m'shopu adzakufunsani kulemera kwanu, msinkhu, zaka ndi luso lanu kuti atchere zogwirira jombo. Nenani zoona. Akatchera molimba kwambiri, ski sichoka mukagwa ndipo bondo ndi lomwe limapotoka. Akatchera mofooka, ski imavuka muli pakati pokhota. Ndodo yoyenera ndi imene mukaigwira itaima pansi, chigongono chimapanga ngodya ya madigiri 90.

Masiku oyamba

Lipirani mphunzitsi. Mnzanu wodziwa amafulumira kukutengerani pamwamba, ndipo mantha a tsiku limodzi lotero amatenga sabata kuti athe. Sukulu yaikulu ndi École du Ski Français, ya aphunzitsi ovala zofiira, koma zilipo zinanso. Maphunziro a pagulu nthawi zambiri amayamba Lamulungu kapena Lolemba n'kutenga masiku 5 kapena 6. Sungitsani malo msanga ndipo nenani chilankhulo chomwe mukufuna.

Choyamba kuphunzira ndi kuima, komwe Afalansa amati chasse-neige. Nsonga za maski zimayandikana kutsogolo osagundana, zidendene mumazikankhira kunja, mawondo opinda pang'ono, msongolo utatsamira lilime la jombo, manja patsogolo. Mukatambasula kwambiri zidendene, liwiro limachepa mpaka kuima. Pokhotera kumanzere, lemererani ski yakumanja, ndipo pokhotera kumanja lemererani yakumanzere. Cholakwa chachikulu ndi kutsamira kumbuyo chifukwa cha mantha. Mukatero nsonga za maski zimapepuka, sizigwiranso chipale, liwiro limakula ndipo ntchafu zimatopa msanga. Chachiwiri ndi kuyang'ana maski m'malo moyang'ana komwe mukupita, pakuti thupi limatsata maso.

Mukaona kuti mukugwa, gwerani cham'mbali ndipo musayese kudzuka mukadatsetsereka, poti mawondo ambiri amavulala pamenepo. Mukaima, ikani maski onse kumunsi kwa thupi, mopingasa mtsetse, kenako dzikankheni ndi dzanja. Pa lifiti yokoka, ya kambale kolowetsa pakati pa miyendo, musakhale pansi. Imani ndipo ikukokeni, ndipo mukagwa isiyeni n'kuchoka m'njira.

Mitsetse ili ndi mitundu inayi: yobiriwira ya ophunzira, yabuluu, yofiira, ndi yakuda ya akatswiri. Khulupirirani mtundu wa zikwangwani za m'mbali mwa njira, osati dzina. La Verte des Houches ili ndi dzina lotanthauza kubiriwira koma ndi yakuda, ndipo pamachitikira mipikisano ya dziko lonse. Musanakwere m'mawa, funsani ngati njira yobwerera kuchigwa ili ya msinkhu wanu. Ku Brévent ndi Flégère wophunzira atsike pa lifiti yomwe anakwerayo, ndipo adziwe nthawi yomwe imatseka, kawirikawiri pakati pa 4 ndi 5 koloko.

Malamulo ndi ngozi

Amene ali patsogolo panu ndiye mwini njira, ndipo ndi udindo wanu kumuzemba. Musanayambe kapena kulowa mumtsetse wina, yang'anani kumtunda. Imani m'mphepete, osati pakati, pokhota kapena kuseri kwa kachitunda komwe otsika sangakuoneni. Wina akavulala, zikani maski mopingasana kumtunda kwake kuti ena aone, musamusunthe, mufunditseni, ndipo imbani nambala ya opulumutsa yomwe ili pa mapu a mitsetse kapena 112. Tchulani dzina la mtsetse ndi nambala ya chikwangwani chapafupi. Ku France kunyamulidwa pa mtsetse ndi opulumutsa n'kolipira, ndipo ndalama zake zimafika mayuro mazanamazana, n'chifukwa chake pogula forfait amagulitsanso inshuwalansi ya tsiku ndi tsiku.

Kunja kwa zikwangwani musapiteko. Chipale chakumeneko sichisamalidwa ndipo chimatha kugumuka. Kuopsa kwa zigumukire amakulengeza tsiku lililonse pa muyeso wa 1 mpaka 5, ndipo 3 ndi woopsa kale ngakhale akuoneka wapakati. Njira yotchuka ya Vallée Blanche, ya makilomita pafupifupi 20, imadutsa pa madzi oundana okhala ndi ming'alu yakuya yobisika. Imafuna luso lenileni komanso wotsogolera wovomerezeka, monga a Compagnie des Guides de Chamonix, bungwe lomwe linayamba mu 1821.

Tsiku lachitatu miyendo imakhala itatopa, ndipo ndi lanzeru kupuma masana ake. Ngati kunja kwayera, kwerani Aiguille du Midi kukangoona. Lifiti yake imakufikitsani pa mamita 3,842 m'mphindi pafupifupi 20, pamwamba kuposa Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita oposa 800. Kukwera msanga chonchi kumachititsa phuma, mutu ndi chizungulire, choncho yendani pang'onopang'ono pa masitepe, imwani madzi, ndipo zikapitirira tsikani. Ana osakwana zaka 3 saloledwa, ndipo odwala mtima ndi amayi oyembekezera ayambe afunsa dokotala. Sungitsani nthawi yokwerera pa intaneti ndipo m'mawa mwake onaninso ngati yatsegulidwa, chifukwa mphepo ikakula amaitseka.