Waranti yowonjezera pa galimoto yogwiritsidwa kale ntchito: muigule kapena ayi?

Wogulitsa akakuuzani kuti muwonjezere ndalama kuti galimoto ikhale pa waranti (lonjezo loti ikawonongeka adzalipira zokonzetsa), musavomere pomwepo. Pemphani pepala la mgwirizano mukaliwerenge modekha kunyumba.

Yambani ndi zomwe akulonjeza kulipira. Waranti yaphindu imakhudza injini, giyabokosi ndi kompyuta ya galimoto, poti izi ndi zomwe zimadya ndalama. Pa Nissan Note kapena Honda Fit yochokera ku Japan, giyabokosi ya otomatiki yotchedwa CVT ikafa amakaniko ambiri saikonza, amangoikamo ina. Ngati ndi hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi), funsani ngati batire lalikulu lalembedwamo. Mabuleki, kilachi, matayala, mashoko ndi mabushi kawirikawiri salipira, amati zimatha ndi ntchito. Komatu kuno ku Zomba, kwa munthu wotsika Ku Chawe ataponda buleki kapena woyenda msewu wa ku Kachulu, izi ndiye zimayamba kutha.

Funsaninso kokonzetsera. Ngati galaja yovomerezeka ili ku Blantyre kokha, adzalipira ndani galimoto yokukokani pa msewu wa M3? Onani malire a makilomita, ndalama yomwe muzipereka nokha pa vuto lililonse, ndi lamulo la sevisi. Mukachedwa kusintha oilo kapena kutaya malisiti, akhoza kukukanirani. Vuto lomwe linalipo kale salilipira, choncho makaniko wanu apime galimotoyo ndi makina musanasaine.

Kenako funsani kwa ogulitsa masipeyala mtengo wa giyabokosi ina, muphatikize ndi wa makaniko. Waranti ikayandikira mtengo umenewo, ndalamazo ingosungani ku banki.