Momwe mungakonzere sewero losintha zovala m'kuphethira kwa diso

Amene anaonerapo pa wailesi yakanema kapena pa foni mayi atavala diresi lobiriwira akulowa m'nsalu kwa kamphindi n'kutulukamo ali m'diresi lofiira, amadziwa mmene anthu amakuwira ndi chimwemwe. Ena amafulumira kunena kuti pali mankhwala, ena amati wojambula wadula chithunzi. Zoona zake n'zakuti lusoli limachitika anthu akuona ndi maso awo, ndipo ntchito yake yaikulu imathera pa makina osokera, masabata ambiri tsiku la chionetsero lisanafike. Malangizowa ndawalemba poganizira magulu a zisudzo a m'masukulu ndi m'mipingo, komanso ovina, amene angapeze telala woleza mtima ndi nthawi yokwanira yoyeserera.

Dzina limene limamveka kwambiri pa mbiri ya lusoli ndi la Leopoldo Fregoli wa ku Italy, amene anabadwira ku Rome mu 1867 ndipo anamwalira mu 1936. Ali msilikali ku Massawa, m'dziko la Eritrea, ankasangalatsa anzake ndi zisudzo, ndipo anazolowera kusewera yekha mbali za anthu angapo, amuna ndi akazi omwe, akutulukira mbali ina ya nsanja n'kulowera mbali inayo ali munthu wina. Anatchuka mpaka kufika poti mu 1927 madokotala awiri a ku France anapatsa dzina lake matenda ena a maganizo, amene wodwala amakhulupirira kuti anthu osiyanasiyana omwe akukumana nawo ndi munthu mmodzi wodzisintha maonekedwe. Chofunika kwa ife n'chakuti Fregoli sankagwira ntchito yekha: kuseri kwa nsanja kunkakhala anthu omuvula ndi kumuveka, aliyense akudziwa chovala chake ndi nthawi yake.

Choyamba, sankhani anthu amene mukufuna kukhala, osati zovala zokha. Kusintha kumakoma pamene chovala chatsopano chikusiyana kotheratu ndi chakale, pa mtundu komanso pa kaonekedwe. Mlimi wa buluku lazigamba akasanduka mkwati wa suti yakuda, ngakhale wokhala kumbuyo kwenikweni kwa holo amaona kuti zasintha, pamene kuchoka pa diresi lofiirira kupita pa lofiira n'kutaya thukuta pachabe. Arturo Brachetti, amene anabadwira ku Turin mu 1957 ndipo anayamba kudziwika pa nsanja ya Paradis Latin ku Paris mu 1979, amasewera anthu makumimakumi usiku umodzi, koma inu muyambe ndi zovala zitatu zokha. Kusintha kawiri kochitika mwaukhondo kumaposa kusintha kasanu kumene nsalu ikukodwa m'chiuno.

Chachiwiri, konzani ndandanda ya zovalazo kuyambira kumapeto. Chovala chimene oonerera adzachione pomaliza ndicho chimavalidwa koyamba, ndipo chiyenera kukhala chopyapyala ndi chogwira thupi kuposa zonse. Choyamba kuonekera ndicho chimakhala pamwamba, chachikulu mokwanira kubisa zonse zam'kati, kuphatikizapo kolala, mikono ndi mpendero wam'munsi. Pansi pa zonsezo valani kabudula ndi kamalaya kothina kosavulika, kuti ngakhale china chitalakwika ulemu wanu usachoke pamaso pa anthu. Telala ayeze thupi katatu: koyamba muli ndi zam'kati zokha, kachiwiri mutavala chovala chomalizacho, kachitatu mutavala ziwiri. Akayeza kamodzi kokha, chovala chapamwamba chidzathina ndipo chinsinsi chidzaonekera m'mapewa.

Nsalu isankhidwe mosamala. Yoyenera ndi yopyapyala, yoterera, yosachita makwinya ikapindidwa, monga satini kapena poliyesita wopepuka, chifukwa imatsetsereka pamwamba pa inzake popanda kugwirana. Chitenje chatsopano n'chokongola koma n'cholimba, sichigwa msanga, ndipo chimasunga mizere ya popindidwa. Ngati mukuchifunabe, chichapeni kangapo kuti chifewe, chikhale chovala chapamwamba, ndipo mkati mwake musokeremo nsalu yoterera. Pa kaunjika pamapezeka madiresi a maphwando amene nsalu yake imagwira bwino ntchitoyi pa mtengo wotsika. Musanagule, kwinyani nsaluyo m'dzanja, iwunikeni pa dzuwa kuti muone ngati ikuonetsa zam'kati, kenako iponyeni m'mwamba muone mmene ikugwera.

Chachitatu ndi zomangira, ndipo apa ndi pamene pagona luso lonse. Chovala cha seweroli chimaoneka ngati chovala wamba, koma mabatani ake akutsogolo amakhala ongokongoletsa, ndipo chimatseguka pamalo ena obisika, kawirikawiri kumbuyo kapena m'mbali. Kwa mwamuna, malaya, tayi ndi jekete zimasokeredwa pamodzi n'kukhala chovala chimodzi chotseguka kumsana. Malayawo safunika kukhala athunthu, amakwana kolala, chapachifuwa ndi nsonga za mikono. Buluku limang'ambidwa msoko wam'mbali kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi, n'kulumikizidwanso ndi mabatani odina, kuti likakokedwa kutsogolo lichoke lonse nthawi imodzi.

Zomangira zake zilipo zamitundu ingapo ndipo chilichonse chili ndi vuto lake. Velcro, kansalu komata ka mbali ziwiri, ina yokakala ina yofewa, imene anaitulukira George de Mestral wa ku Switzerland ataona mmene njere zaminga za m'tchire zinkamatirira ku zovala ndi ku ubweya wa galu wake, imapezeka mosavuta, koma imalira ikamamatulidwa ndipo imagwira nsalu ina iliyonse imene yayandikana nayo. Musaisoke yaitali msoko wonse. Dulani tizidutswa ta masentimita awiri kapena atatu, muziike motalikirana, ndipo mbali yokakalayo iyang'ane kunja kwa thupi. Mabatani odina salira kwambiri ndipo amagwira bwino, kungoti amatenga nthawi powatseka. Timaginito tosokeredwa m'kati mwa nsalu timatseguka mwakachetechete, koma timatha kumasuka tokha munthu akamavina mwamphamvu, ndipo sitiyenera kuvalidwa ndi munthu amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda. Zipi ndi yabwino kwa amene akusinthira kuseri kwa nsanja, bola ikhale ya mano akuluakulu, yolekana kotheratu kumapeto, ndipo pa kachitsulo kake pamangidwe kachingwe kogwira.

Njira imene ine ndimaikonda koposa ndi ya ulusi wosolola, yomwe ochita zisudzo za kabuki ku Japan akhala akuigwiritsa ntchito kwa mibadwo yambiri. Iwo amaitcha hikinuki: chovala chapamwamba chimalumikizidwa ndi ulusi wokhuthala wosokedwa motalikirana, ndipo wothandiza amasolola ulusiwo wovina akupitiriza kuvina, kenako n'kukoka chovala chonse nthawi imodzi. Kuti muchite zofanana, sokerani timphete tating'ono ta nsalu kapena ta chingwe m'mbali zonse ziwiri za msoko, mosinthanasinthana, ndipo mupisemo chingwe choterera cha nayiloni, ngati chowedzera nsomba koma chokhuthala. Kumapeto kwake mangani mkanda kapena batani loti chala chilipeze osayang'ana. Chingwecho chikasololedwa, msoko wonse umatseguka popanda phokoso. Chisamangidwe mfundo kumapeto enawo, ndipo chisadutse pakhosi.

Chachinayi, sokani diresi logwa lokha, limene ndilo limadabwitsa anthu kwambiri chifukwa silifuna kuvula kalikonse. Ku Japan komweko kuli njira yofanana nayo yotchedwa bukkaeri, imene gawo lapamwamba la chovala limamasulidwa n'kugwera m'munsi, n'kuonetsa nsalu ya mkati. Tiyerekeze kuti mukufuna kuchoka pa diresi lalifupi lobiriwira kupita pa lalitali lofiira. Telala asoke gawo lapamwamba lofiira, logwira thupi, ndi siketi yaifupi yobiriwira, azilumikize m'chiuno. Pa msoko womwewo wa m'chiuno asokerepo siketi yaitali ya nkhope ziwiri, kwina yofiira kwina yobiriwira. Siketi yaitaliyo ikatukulidwa m'mwamba n'kumangidwa m'mapewa, nkhope yobiriwira ndiyo imaonekera, ndipo imaphimba gawo lofiira lija moti munthu amaoneka wobiriwira yekhayekha. Mapewa akamasulidwa, nsaluyo imagwa n'kutembenuka, nkhope yofiira imakhala kunja, ndipo imakwirira siketi yaifupi ija mpaka kumapazi.

Popeza siketi yaitali imaposa mtunda wochoka m'chiuno kufika paphewa, utali wotsalawo umapindidwira m'kati, ndipo mapindidwe ake ayenera kukhala amodzimodzi nthawi zonse. Mu mpendero wake sokeranimo tizitsulo ting'onoting'ono tolemera, totalikirana mofanana, kuti nsalu igwe msanga ndi kuwongoka. Tikalemera kwambiri timamenya miyendo ndiponso timakoka mapewa nthawi isanakwane, choncho yambani ndi tochepa n'kumawonjezera. Wovala akatembenuka kamodzi pamene nsalu ikugwa, mphepo imaitambasula ndipo maso a oonerera sapeza pamene yachokera. Léa Kyle wa ku France, katswiri wa lusoli amene anafika m'ndime yomaliza ya mpikisano wa maluso wa pa wailesi yakanema wa America's Got Talent mu 2021, amadzisokera yekha zovala zake, ndipo zimenezi zikusonyeza chifukwa chake wovala ayenera kukhala pambali pa telala pa kuyeza kulikonse. Ndi bwino kusoka kaye chovala choyeserera pa nsalu yotsika mtengo, chifukwa choyamba sichigwa bwino kawirikawiri.

Chachisanu, konzani chotchinga. Chosavuta kupanga ndi mkombero waukulu wa paipi yopyapyala ya pulasitiki, umene mumasokerapo nsalu yakuda yosaonekera mkati, yaitali kuposa msinkhu wa wovala. Mkomberowo umakhala pansi, wovala amaima pakati, wothandiza amautukula kupitirira mutu, kenako n'kuutsitsa. Chovala chovulidwacho chimagwera m'kati mwa nsaluyo ndipo chimachoka nayo limodzi, choncho m'munsi mwake musokemo thumba lalikulu loti chibisalemo. Ambulera yaikulu, mbendera kapena chitenje chogwiridwa ndi anthu awiri zimathanso kutchinga. David Maas ndi Dania Kaseeva, amene anaonekera mu America's Got Talent mu 2006 ndipo ankasangalatsa anthu pa nthawi yopuma ya masewero a basketball a ligi ya NBA ku America, ankasintha diresi lomaliza pansi pa tizidutswa tonyezimira tothiridwa kuchokera pamwamba. Iwo ankasewera atazunguliridwa ndi anthu mbali zonse. Inu mukamayamba, onetsetsani kuti kumbuyo ndi m'mbali mwanu mulibe oonerera, ndipo nyale yowala isakhale kuseri kwa chotchinga, chifukwa idzajambula mthunzi wa zonse zimene mukuchita.

Ngati kusinthako kukuchitikira kuseri kwa nsanja pakati pa sewero, wothandiza ndiye mwini ntchito. Yalani nsalu yoyera pansi, ikani mpando umodzi, ndipo sanjikizani zovala motsatana, chofunika koyamba chikhale pamwamba. Siketi kapena buluku liikidwe pansi litatsegulidwa ngati chisa, nsapato zili pakati pake, kuti wosewera angopondamo wothandiza n'kukokera m'mwamba. Zingwe za nsapato zilowedwe m'malo ndi lasitiki. Wothandiza avale zakuda ndipo amange tochi yaing'ono pamphumi kuti manja onse awiri akhale omasuka. Wosewera asalimbane ndi zomangira zakumbuyo. Ntchito yake ndi kuima malo amodzi, kutambasula manja ndi kusintha duku, chipewa kapena magalasi, pakuti manja anayi akathamangira batani limodzi nthawi imatayika.

Chachisanu ndi chimodzi, yesererani, ndipo muyambe pang'onopang'ono. Gawani kusinthako m'zochita zing'onozing'ono, monga kugwira mkanda, kusolola, kutsitsa mapewa, kuponda kutsogolo ndi kukweza manja, ndipo chilichonse chikhale ndi nambala yake imene nonse mukuiwerenga mokweza. Mukatha kuchita kakhumi motsatizana osalakwitsa, yambani kuwerenga motsatira nyimbo, ndipo kusinthako kugwere pamene ng'oma ikugunda mwamphamvu, kuti phokoso la zomangira limire m'menemo. Liwiro limabwera lokha thupi likazolowera. Amene amalithamangira tsiku loyamba amang'amba misoko. Jambulani zoyesererazo pa foni kuchokera kutsogolo, kumanzere ndi kumanja, mutakhala pansi komanso mutaima, chifukwa ana okhala pamphasa kutsogolo amaona zimene akuluakulu a pamipando saona. Muyeserenso mumdima, ndiponso mutatuluka thukuta, popeza nsalu yonyowa imamatirira pakhungu. Mukatuluka m'chotchinga, imani chilili kwa masekondi awiri kapena atatu manja ali otambasula, nkhope ili yowala, kuti anthu aone bwino chovala chatsopanocho musanapitirire.

Gwirizananinso zochita chingwe chikakana. Wothandiza asatsitse chotchinga asanamve chizindikiro chanu, kaya kuponda pansi kamodzi kapena liwu lalifupi, ndipo woimba ng'oma akhale wokonzeka kubwereza chigawo chomwecho. Pa tsiku la chionetsero valani zovala zonse kutatsala mphindi zochepa kuti mukwere pa nsanja, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, chifukwa zovala zitatu zosanjikiza zimatenthetsa thupi ndipo munthu akhoza kuchita chizungulire. Imwani madzi, chotsani ndolo zazitali, mawotchi ndi mphete zokola nsalu, ndipo tsitsi limangidwe bwino kuti lisakodwe mu Velcro. Wothandiza ayendere chomangira chilichonse ndi chala chake, kuyambira paphewa mpaka kumpendero. Mukatsika pa nsanja, yanikani zovalazo pamthunzi, chotsani ulusi umene wakola mu Velcro, sokani pomwepo batani lililonse limene lagwedera, ndipo chingwe chosolola chikayamba kupindika kapena kukakala, ikanimo chatsopano musanazipinde.