Kuzindikira square number popanda kalikuleta

Ana ambiri amafika Fomu 1 ataloweza 1, 4, 9, 16, 25 mpaka 144, koma mukawalembera 5,329 pa bolodi n'kufunsa ngati ili square number, kalasi yonse imangoti zii. Ine ndimaphunzitsa masamu ku sekondale, ndipo njira imene ndikufotokoza pano ndi imene ndimatsata ndi ana anga. Makolo amene mumathandiza ana homuweki, inunso mungayitsate kunyumba.

Square number ndi nambala imene imatuluka mukachulukitsa nambala ndi iyo yomwe, monga 7 kuchulukitsa ndi 7 kutipatsa 49. Musafulumire kulemba. Yambani mwatolera zitsekerero za mabotolo kapena njere za chimanga. Ikani njere imodzi pansi. Muuzeni mwana apange sikweya ya mizere iwiri, mzere uliwonse njere ziwiri. Aona yekha kuti wawonjezera njere 3, mbali ziwiri, mokhota ngati chilembo cha L. Kuti ikhale ya mizere itatu awonjezera 5, kenako 7, kenako 9. Choncho 1+3+5+7 ndi 16, mukaika 9 pamwamba pake ndi 25. Otsatira a Pythagoras ku Greece ankayala timiyala chimodzimodzi zaka zoposa 2,000 zapitazo. Pamenepa ndimachedwapo dala, ngakhale phunziro lonse lithere pomwepa, chifukwa mwana amene wayala L uja ndi manja ake sasowanso chochita akaiwala tebulo. Ngati akudziwa kuti 30 kuchulukitsa ndi 30 ndi 900, kuti apeze ya 31 amangowonjezera mbali ziwiri zija, 30 ndi 31, n'kupeza 961.

Kenako yang'anani nambala yakumapeto. Lembani ma square a 0 mpaka 9, muone momwe akuthera: 0, 1, 4, 9, 6, 5, 6, 9, 4, 1. Mulibe 2, 3, 7 kapena 8. Ndiye 3,478 musavutike nayo, siingakhale square number. Yothera ndi 5 iyenera kuthera ndi 25. Yothera ndi ziro iyenera kukhala ndi maziro awiriawiri kumapeto, monga awiri, anayi kapena asanu ndi limodzi: 4,900 ili bwino, 1,000 ayi. Yothera ndi 6 imafuna kuti nambala yoyandikana ndi 6 uja ikhale yosagawika ndi 2, monga mu 16, 36, 196 ndi 576, choncho 2,346 yagwa kale.

Chiyeso china n'chachangu. Phatikizani manambala onse mpaka itsale imodzi. Square number imasiya 1, 4, 7 kapena 9 basi. Pa 1,229 mupeza 14, kenako 5, ndiye ayi. Pa 5,329 mupeza 19, kenako 10, kenako 1, ndiye yadutsa.

Apa ndi pamene ana amapunthwa, ndipo ndikupempha aphunzitsi anzanga kuti muzinena mobwerezabwereza. Ziyeso zimenezi zili ngati sefa: zimachotsa zosayenera, koma chimene chatsala sichinatsimikizike. Kutsimikiza ndi kupeza square root yake, nambala ija imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imakupatsani square number, n'kuchulukitsa.

Kuti muipeze msanga, phunzirani kaye kachidule ka manambala othera ndi 5. Pa 75, tengani 7 muchulukitse ndi nambala yotsatira, 8, mupeze 56, kenako mulembe 25 kumapeto: 5,625. Pa 35 ndi 3 kuchulukitsa ndi 4, ndiye 1,225. Tsopano tibwerere ku 5,329. Ili pakati pa 4,900 ndi 6,400, kutanthauza kuti square root yake ili pakati pa 70 ndi 80. Yathera ndi 9, ndipo 9 amachokera ku 3 kapena ku 7, ndiye ndi 73 kapena 77. Poti 5,329 ndi yochepa kuposa 5,625, tisankha 73. Chulukitsani 73 ndi 73, mupeza 5,329 ndendende.

Yesani 3,349 kuti muone chifukwa chimene ndikukakamira zochulukitsazi. Yathera ndi 9, ndipo mukaphatikiza manambala ake mutsala ndi 1. Ili pakati pa 2,500 ndi 3,600, yaposanso 3,025 amene ndi square ya 55, choncho mwana wothamanga alemba 57 n'kutseka kope. Koma 57 kuchulukitsa ndi 57 ndi 3,249, ndipo ya 58 ndi 3,364. Nambala yathu yagwera pakati, siili square number.

Njira imene siphonya ndi ya ma prime factor, kugawa nambala mpaka mutsale ndi manambala amene amagawika ndi 1 ndi iwo eni basi, monga 2, 3, 5 ndi 7. Gawani 1,764 mpaka mutsale ndi 2×2×3×3×7×7. Iliyonse ili ndi inzake. Tengani imodzi pa ziwiri zilizonse, 2×3×7, mupeze 42. Ikapezeka ina yopanda inzake, nambalayo si square number. Funso limene ndimakonda kupereka ndi ili: kodi 180 tiichulukitse ndi nambala yaing'ono iti kuti ikhale square number? Poti 180 ndi 2×2×3×3×5, amene ali yekha ndi 5. Mpatseni mnzake, mupeza 900. N'chifukwa chomwechi mukawerenga ma factor a square number, manambala amene amaigawa popanda chotsala, chiwerengero chake sichigawika ndi 2: a 36 alipo 9, chifukwa 6 amachulukitsana ndi iye mwini ndipo timamuwerenga kamodzi.

Ana akafunsa kuti zimenezi zimagwira ntchito kuti, atengereni panja ndi chingwe ndi tepi. Amisiri omanga nyumba akamayeza ngodya ya maziko amayeza mamita 3 mbali ina, mamita 4 mbali inayo, ndipo ngati pakati pa nsonga ziwirizo pali mamita 5, ngodyayo yawongoka, chifukwa ma square a 3 ndi 4, amene ndi 9 ndi 16, mukawaphatikiza amapereka 25, square ya 5. Malo akachepa, masentimita 60, 80 ndi 100 amachita chimodzimodzi. Mukabwerera m'kalasi apatseni 2,209, 6,084 ndi 7,056, zonse ndi ma square number, ndipo pakati pake mubisepo 3,349 osawauza.