Njinga Yamoto Ikamalira "Tiki Tiki", Yambani Mwaona Ma Valuvu

Anzanga a kabaza, njinga ikamavuta kulira m'mawa kapena ikamachita kaphokoso kumutu kwa injini, musathamangire kuimasula yonse, yambani mwaona mpata wa ma valuvu. Isiyeni izizire kaye, makamaka igone usiku onse. Tsegulani kava ya pamwamba, chotsani pulagi, muzunguze fulayiwilo mpaka chizindikiro cha T chigwirizane ndi kamzere ka pa kava ya injini, ndipo ma rocker (tizitsulo tokankha ma valuvu) onse awiri azigwedezeka mukawagwira, akakhala olimba zunguzaninso kamodzi. Pa Honda CG125 mpata wa pakati pa rocker ndi valuvu ndi 0.08mm, masulani kanati ka pa rocker, lowetsani filageji (kachitsulo kopyapyala koyezera mpata), muzunguze kasikuluwu kake mpaka filagejiyo izidutsa mokokera pang'ono, kenako mangani kanati muyezenso. Kumangitsa kwambiri nkoipa kuposa phokosolo, valuvu imalephera kutsekeka bwino nkupsa, ineyo ndinaotchapo ya ekizozi chifukwa chofuna injini ya zii, ndalama zinandipweteka.

Mphamvu ikakhalabe yochepa tsitsani hedi (mutu wa injini), thirani palafini m'mabowo olowera ndi otulukira mpweya, mudikire. Akamadontha pa valuvu ndiye kuti ikufunika kugaya ndi grinding paste (phala lokhulira ma valuvu) mpaka mkombero wotuwa uzungulire ponse. Utsi wabuluu polizitsa m'mawa nthawi zambiri ndi ma silu a valuvu, sinthanitu. Gasiketi ikani yatsopano, mabauti mumange mopingasa.